Sukulu yathu yaphatikizidwa ndi ina: kodi tisonkhe ndalama kuti itsegulidwenso?

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa amayi ena amene akukhala ku Johannesburg, ndipo funso lawo ndi lalifupi. Sekondale imene anaphunzirako, pa kamsika kena kamene kanazilala msewu watsopano utalambalala, yatsekedwa, ndipo ana atumizidwa ku sukulu ina ya kutali ndithu. Anzawo a m'kalasi atsegula gulu pa WhatsApp ndipo akusonkha ndalama zokadandaulira ku boma kuti sukuluyo itsegulidwenso ndi dzina lake lakale. Iwo akufunsa ngati n'koyenera kusonkha nawo.

Achemwali, kalata yanu yandikhudza kwambiri chifukwa nanenso sukulu imene ndinalemberako mayeso a MSCE kulibenso. Ndikudziwa mmene mtima umawawira munthu akafunsidwa kumene anaphunzira, iye n'kutchula dzina limene wofunsayo sanalimvepo ndipo sadzalimvanso. Ndiloleni ndiyambe ndafotokoza za kwathu, popeza maganizo anga pa funso lanu anachokera kumeneko.

Ndinakulira pa siteshoni ina yaing'ono ya pa njanji ya kumwera, kumene mapiri a Thyolo amatsikira ku chigwa cha Shire. Dzina lake sinditchula, chifukwa kudakali anthu amene akukhala kumeneko ndipo sindikufuna kuti mudzi wawo uzitchulidwa ngati manda. Bambo anga anali m'gulu la anthu okonza njanji, amene ankadzuka m'bandakucha kukayendera zitsulo ndi milatho ing'onoing'ono, ndipo tinkakhala m'nyumba za kampani zimene zinali mumzere kuseri kwa siteshoni. Moyo wonse wa pamalopo unkatsata sitima. Tsiku limene sitima ya anthu ikuyembekezeka, amayi ankayamba kukazinga zitumbuwa ndi kuphika mbatata kudakali mdima, anyamata ankatsika kumapiri atasenza mikoko ya nthochi, ndipo asodzi a ku dambo ankabwera ndi madengu a mlamba wowamba. Sitima ikaima, malonda ankachitikira pa mawindo a mabogi, ndalama ikuponyedwa pansi pamene sitima yayamba kale kuyenda. Panali positi ofesi, resitihausi, matiyirumu, chigayo, atelala osokera pa khonde, ndi msika wa Admarc umene pa nyengo yogula thonje unkadzaza ngolo kuyambira pa sikelo mpaka kumsewu. Mwana wa pamalo otere ankaona ndi maso ake kuti kalaliki wa pa sikelo, wogulitsa matikiti ndi mayi wa ku positi ofesi onse akudya chifukwa cha cholembera, ndipo sipankafunika wina womuuza ubwino wa sukulu.

Njanji imeneyi ndi yakale kuposa mizinda yathu ina. Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, linali doko lofunika kwambiri m'zaka za m'ma 1890, pamene katundu wolowa m'dziko muno ankabwera pa sitima za pamadzi kuchokera ku Zambezi. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, utatsegulidwa mu 1935, sitima inayamba kuyenda kuchokera ku Beira mpaka ku Salima popanda kutsitsa katundu pamtsinje. Kwa zaka zambiri, tiyi, fodya ndi thonje la dziko lino zinkatuluka kudzera pakhomo pathu. Masiteshoni monga Luchenza, Sandama, Thekerani, Sankhulani, Makhanga ndi Bangula anakula chifukwa cha zitsulo ziwirizo, ndipo palibe china chimene chikanawaika pamene alipo.

Sukulu yathu sinali ya ogonera pompo ya mipanda ndi maluwa. Inali MCDE, imodzi mwa malo amene ana osasankhidwa kupita ku sekondale za boma ankasonkhanako kuti aziphunzira maphunziro ochokera ku Malawi College of Distance Education. Bungweli linayamba mu 1965 ndi dzina la Malawi Correspondence College, ndipo linasintha dzina mu 1987. Linkatitumizira timabuku timene tinkati maseti, maphunziro ena tinkamvera pa wailesi ya MBC, ndipo aphunzitsi athu anali a pulayimale amene anapatsidwa udindo wotiyang'anira. Poyamba tinkabwereka zipinda za sukulu ya pulayimale ana akaweruka, kenako makolo anaumba njerwa, anatuta mchenga ku mtsinje, ndipo anamanga midadada iwiri. Mayi anga anasenza nawo madzi omangira. Belu lathu linali chidutswa cha njanji chopachikidwa pa mtengo wa mango, chimene anthu a gulu la bambo anga anapereka, ndipo chikalira chinkamveka mpaka ku msika. Ana a ku sekondale zenizeni akabwera ku tchuthi atavala mataye ankatiyang'ana monyoza, ndipo ife tinkadziwa kuti tili pansi pawo. Komabe m'midadada iwiri imeneyo munatuluka anamwino, aphunzitsi, apolisi, alangizi a zaulimi ndi abusa, anthu amene popanda sukuluyo akanathera pa Sitandade 8.

Ndimakumbukira kwambiri mphunzitsi wathu wa masamu, amene sanafike ku yunivesite ndipo ankaphunzira yekha usiku zimene adzatiphunzitse mawa lake. Mayeso akayandikira ankatisonkhanitsa madzulo m'chipinda chodikirira sitima, chifukwa ndi mmene munali nyali yowala bwino, ndipo mkulu wa pa siteshoni ankatilola malinga tisasokose. M'kalasi mwathu munalinso anzathu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Pa nthawi imeneyo dziko lino linkasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi ochokera kumeneko, ndipo m'boma la Nsanje iwo anachuluka kuposa eni dera. Ena a iwo ankatiposa masamu ngakhale Chingerezi chinkawavuta, ndipo mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anayamba kubwerera kwawo, mabenchi ena n'kutsala opanda anthu. Atsikana ochokera kumidzi ya kutali ankachita lendi timanyumba kuseri kwa magolosale, akudziphikira okha ufa umene anatenga kwawo Lamlungu. Ambiri a iwo sanafike Fomu 4. Zimenezi ndizitchulanso kutsogoloku, chifukwa anthu akamakumbukira sukulu zawo zakale amakonda kuiwala amene anagwera panjira.

Malo athu sanafe tsiku limodzi. Akuluakulu ankanena kuti kugwa kunayamba m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula amalonda achimwenye kuti achoke m'madera a kumidzi ndi kukakhala m'mizinda. Masitolo awo a makonde aataliatali anagulidwa ndi anthu akuda amene analibe mpamba wokwanira kapena wowapatsa katundu pa ngongole, ndipo ambiri mwa masitolowo anasanduka nyumba zogona kapena mosungira chimanga. Mu 1970 inatsegulidwanso njanji ya ku Nacala yodzera ku Nayuchi, imene inatenga gawo la katundu. Kenako nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, mlatho wa Dona Ana unaphwasulidwa, ndipo njanji yathu, imene kale inkafika kunyanja yamchere, inasanduka njira yongothera kumalire. Ife ana sitinkazindikira zimenezi, chifukwa sitima ya anthu inkabwerabe ndipo zitumbuwa zinkagulidwabe.

Chimene chinathyola msana wa dera lonse ndi madzi a mu 1997, amene anakokolola gawo la njanji ndi msewu pakati pa Chiromo ndi Bangula n'kusiya mtsinje watsopano umene anthu anautcha Mtayamoyo. Kuyambira pamenepo sitima sinawolokenso, ndipo munthu wa kuvuma kwa Shire wofuna kupita ku Bangula kapena ku boma ku Nsanje anayamba kudalira bwato, pamalo pamene pali ng'ona ndi mvuu. Pano ndiyenera kulankhula mosabisa, chifukwa ndatopa kumva anthu akunena kuti madera amenewa anaphedwa ndi madzi. Madzi anakokololanso mlatho wa Chiromo mu 1948, zimene zinavutitsa kwambiri kubweretsa chimanga pa njala ya mu 1949, koma pofika mu 1950 mlatho watsopano unali utaima ndipo sitima zinkawoloka. Atsamunda sanachite zimenezo chifukwa chotikonda, anachita chifukwa tiyi ndi fodya wawo zinkadzera pamenepo. Koma mfundo ndi yakuti malo oduka amalumikizidwa ngati amene ali ndi mphamvu akuona kuti kuseri kwake kuli chinthu cha mtengo. Mu 1997 kuseri kwa Mtayamoyo kunali anthu okha, alimi a mapira ndi asodzi, ndipo mpata umenewo unakhala wosatsekedwa kwa zaka zoposa 20. Mtsinje unachita zimene mitsinje imachita, popeza madzi saiwala khwawa, koma kusiya malowo osakonzedwa chinali chisankho cha anthu.

Zotsatira zake zinabwera pang'onopang'ono. Njanji itaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways mu 1999, chidwi chonse chinapita ku njira ya ku Nacala, ndipo mabanja ambiri a m'nyumba za mumzere zija anasamuka, ife tili m'gulu lomwelo. Thonje linatsika mtengo, misika ya Admarc inayamba kutsegulidwa mochedwa kapena osatsegulidwa n'komwe, ndipo alimi anayamba kugulitsa kwa mavenda a masikelo opachika pa mtengo. Positi ofesi inatsekedwa, telala womaliza anapita ku Limbe, ndipo mwini chigayo anachotsa injini yake n'kukaiika m'mbali mwa msewu wa tala. Mudzi wotere uli ngati mtengo wodulidwa mizu, umene masamba ake amakhalabe obiriwira kwa kanthawi moti wodutsa sadziwa kuti wauma kale.

Sukulu yokha ndi imene inaoneka ngati ikukwera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasandutsa malo onse a MCDE kukhala sekondale zoyendera za m'madera, zimene timati CDSS, pokonzekera khamu la ana amene analowa sukulu maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, pamene chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chikwangwani chatsopano chinaikidwa pa sukulu yathu ndipo makolo anasangalala kuti tsopano ana azisankhidwa ndi boma. Koma chikwangwani sichiphunzitsa. Mphunzitsi wa dipuloma akatumizidwa kumeneko ankafika, n'kuona kuti kulibe magetsi, nyumba ikudontha, chipatala chili kutali ndipo malipiro akalandirira ulendo wa tsiku lathunthu, kenako ankayamba kulemba makalata opempha kusamutsidwa. Sindikuwaweruza, chifukwa nawonso anali ndi ana ofuna chipatala. Makolo amene anali ndi kangachepe anatumiza ana awo kwa abale ku Luchenza kapena ku Blantyre, ndipo pasukulupo panatsala ana a anthu amene analibe kolowera.

Mu January 2015 kunabwera madzi amene anachititsa boma kulengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, ndipo anthu oposa 200,000 anasowa pokhala. Ruo anasiya njira yake n'kudzera m'midzi, njanji inakokoloka malo ambiri, ndipo sitima ya anthu imene inkafikabe kumunsiko inaleka. Pambuyo pake panabwera anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Mabanja ambiri a kwathu anasamukira kumtunda, ena mwa kufuna kwawo ndipo ena atauzidwa ndi mafumu ndi boma, ndipo ana a sukulu yathu anaphatikizidwa ndi a sukulu ina ya kumtundako. Panalibe mwambo wotsanzikana. Aphunzitsi ananyamula madesiki amene anatsala pa ngolo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Nditapitako pambuyo pake ndinapeza malata atachotsedwa, mbuzi zikugona m'kalasi ya Fomu 3, ndipo chitsulo chathu chija chitatengedwa ndi ogula zitsulo zakutha. Zonsezi zinandiwawa, koma chimene chinandipweteka koposa ndi mabuku a kaundula. Mabuku amene munalembedwa dzina la mwana aliyense amene analowa pasukulupo, mudzi wake, mfumu yake, dzina la womulipirira fizi ndi chaka chimene anachoka, anasiyidwa m'kachipinda kosungiramo katundu, ndipo chimene madzi anasiya chiswe chinamaliza. Palibe amene anachita zimenezi mwadala. Aliyense ankaganiza kuti wina atenga. Ife amene tinaphunzira pamenepo, amene tinali ndi mafoni ojambula ndi ndalama ya basi, tinali kutali, tikutumizirana zithunzi zakale ndi kufunsana za anzathu amene anamwalira. Makoma amamangidwanso, koma maina a ana amene anaphunzirapo pa zaka makumi atatu zonsezo sangalembedwenso ndi munthu aliyense.

Tsono pofuna kuyankha funso lanu, achemwali, tiyenera kumvetsa chifukwa chimene sukulu zimatsekedwera kwathu kuno. Ku maiko ena zimatsekedwa chifukwa ana atha. Ku Japan sukulu mazana angapo zimatsekedwa chaka chilichonse popeza anthu akubereka ochepa ndipo achinyamata akuthamangira ku mizinda, ndipo ku America madera oyendetsa sukulu anali oposa 100,000 cha m'ma 1940 koma lero sakwana 15,000, chifukwa sukulu za m'timatauni ta alimi zinaphatikizidwa. Ife vuto lathu si limenelo. Kalembera wa mu 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'dziko muno, ndipo wa mu 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Ana alipo ochuluka kuposa mabenchi, ndipo chaka chilichonse ambiri amene akhoza mayeso a Sitandade 8 sapeza malo ku sekondale. Choncho sukulu ya kwathu ikatsekedwa, tanthauzo lake ndi lakuti anthu asamuka, kapena aphunzitsi akana kukhalako, kapena malowo sakhalikanso. Anawo sanathe, angosuntha, ndipo funso loyamba limene gulu lanu liyenera kudzifunsa ndi lakuti ana aja ali kuti lero ndipo akuphunzira bwanji.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi magulu ambiri a ophunzira akale, ndipo ndikudziwa kuti ena akwiya nane. Ife amene timalira kwambiri sukulu ikatsekedwa ndife amene tinachoka. Tili ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg ndi ku Leeds, ana athu akuphunzira m'sukulu zokhala ndi magetsi ndi chipinda cha sayansi, ndipo palibe mmodzi wa ife amene angatumize mwana wake ku sukulu imene tikufuna itsegulidwenso. Tikufuna kuti ikhalepo kuti tikabwera pa Khirisimasi tiziionetsa ana athu, ndi kuti ubwana wathu ukhale ndi malo ogwirika. Chikhumbo chimenechi si choipa, ndipo nanenso ndili nacho, koma si chilungamo kuti mwana wa munthu wosauka akhale m'kalasi yopanda mphunzitsi wa sayansi pofuna kusunga zikumbukiro za munthu amene ali ku Joni. Ngati msika unasamukira ku msewu watsopano, ndiye kuti chipatala, chigayo, minibasi ndi nyumba za lendi zili kumeneko, ndipo mphunzitsi wabwino adzavomera kukhala kumeneko. Mukhoza kupambana pa madandaulo anu, nduna n'kubwera kudzadula riboni, koma pakatha zaka ziwiri mudzapeza aphunzitsi atatu akuphunzitsa maphunziro khumi, ndipo amene adzalipire mtengo wa chipambano chanucho ndi ana amene simukuwadziwa ndi maina omwe.

Tili ndi chizolowezi m'dziko muno chokhulupirira kuti nyumba ikamangidwa moyo ubwera wokha. Mu October 2010 doko la Nsanje linatsegulidwa ndi mwambo waukulu pamaso pa atsogoleri a maiko oyandikana nafe, anthu anagula malo poyembekezera mzinda watsopano, koma sitima za katundu sizinabwere chifukwa mgwirizano ndi Mozambique wa kayendedwe pa Shire ndi Zambezi unali usanatheke. Simenti ilipo mpaka lero, koma doko limakhala doko chifukwa cha sitima. Abale athu amene makolo awo anapita ku migodi amadziwa bwino zimenezi. Ku Mhangura m'dziko la Zimbabwe mgodi wa kopa unatsekedwa mu 2000, ndipo ku Luanshya m'dziko la Zambia mgodi unaima chaka chomwecho. Nyumba, mabwalo a masewera ndi makalabu zinatsala zili chilili, koma malipiro atatha zonse zinayamba kugumuka, ndipo ena mwa amene anasowa kolowera ku Mhangura anali ana ndi adzukulu a Amalawi amene kwawo kwenikweni kunali komboni ya mgodiyo. Tauni imakhala ndi moyo chifukwa cha chimene chimabweretsa ndalama, ndipo sukulu payokha singabweze chimenecho. Ntchito yokonzanso njanji kuchokera ku Marka kulowera ku Bangula imene inayamba m'zaka zapitazi ingathe kuchitira masukulu a kumunsiko zabwino zambiri kuposa kalata iliyonse ya madandaulo, ngati idzafike pomalizidwa.

Sindikunena kuti dzina ndi chinthu chachabe. Munthu akanena kuti anaphunzira ku Box 2 kapena ku Box 48, aliyense amadziwa kuti akunena Zomba Catholic kapena Dedza, ndipo dzinalo limamutsegulira zitseko ndi kumupezera abale kulikonse. Ife a sukulu zazing'ono tilibe zimenezo, ndipo dzina lathu likafufutidwa timamva ngati atiuza kuti zaka zathu zinayi sizinachitike. Komanso makolo amene anaumba njerwa ali ndi chifukwa chomveka chokwiyira ngati sukulu yatsekedwa popanda kuwafunsa, pakuti thukuta linali lawo. Koma kuphatikizidwa si kufa nthawi zonse. Soche Hill College ndi sukulu ya za utsogoleri wa boma ya ku Mpemba zinaphatikizidwa ndi Chancellor College pamene inkasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo ntchito yophunzitsa aphunzitsi ndi akatswiri a malamulo inapitirira mpaka lero, ngakhale maina akalewo anasiya kumveka. Chimene chinapulumuka ndi ntchito, ndipo ntchitoyo ndi imene oyambitsa ankafuna.

Za mtunda umene ana akuyenda

Pali chinthu chimodzi chimene chingandichititse kusintha maganizo, ndipo ndi mtunda. Mwanena kuti sukulu yatsopanoyo ili kutali. Ngati pali midzi imene inatsala kumbali ya msika wakale, ana ake tsopano akudzuka usiku, akuwoloka mitsinje nyengo ya dzinja, ndipo akufika m'kalasi atatopa ndi njala. Mnyamata amapirira kapena amabwereka njinga, koma mtsikana amauzidwa kuti akachite lendi pafupi ndi sukulu, ndipo ndanena kale zimene ndinaona zikuchitikira anzanga m'timanyumba ta kuseri kwa magolosale. Mwana wa zaka 14 wokhala yekha, ufa utamuthera pakati pa sabata, pamalo podzaza madalaivala ndi mavenda, ali pa ngozi imene aliyense wa ife akuidziwa. Kuphatikiza sukulu popanda kuganizira ana amenewa ndi kuwachotsa sukulu mwakachetechete, ndipo m'mabuku a boma adzangolembedwa kuti anasiya okha. Ngati gulu lanu likufuna nkhondo yoyenera kumenya, nkhondo yake ndi imeneyi. Wina wa inu apite akawerenge ana a Fomu 1 ndi Fomu 2 amene anali pa sukulu yakale, aone kuti ndi angati amene akupezeka ku sukulu yatsopano, ndipo afunse kunyumba kwa aliyense amene wasowa. Chiwerengero chimenecho, cholembedwa bwino ndi kusainidwa ndi mafumu, chimamveka ku ofesi ya maphunziro kuposa mawu onena za ulemerero wakale.

Ndalama zanu tsono musonkhe, koma osati zolipirira maulendo a nthumwi zokapempha dzina. Uzani anzanu kuti mupereka ngati ndalamazo zipita ku ana, ndipo muyambe mwalankhula ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu yatsopanoyo pamodzi ndi komiti ya makolo, kuti iwo anene chimene chikusowa, kaya ndi malo ogona atsikana okhala ndi mayi wowayang'anira, njinga, madesiki kapena mabuku. Sekondale zimayang'aniridwa ndi ofesi ya chigawo cha maphunziro, choncho kalata yonena za ana osowa aja ipite kumeneko, ina kwa bwanamkubwa. Ndalama zisasungidwe mu foni ya munthu mmodzi. Tsegulani akaunti yosainira anthu atatu, ndipo malisiti aziikidwa pa gulu kuti aliyense aziona. Sabata ino yomwe, munthu apite akafunse kumene kuli mabuku a kaundula, mabuku a zotsatira za mayeso ndi buku la alendo, awajambule tsamba lililonse ndi kuwapereka m'manja mwa sukulu yatsopano molemberana. Mupemphenso kuti mdadada umodzi kapena laibulale itchedwe dzina la sukulu yakale, pakuti pempho lotere silivuta kuvomerezedwa, ndipo mukambirane ndi mafumu ndi khonsolo za malo akalewo asanayambe kugawidwa mwamseri, kuti akhale sukulu ya mkaka kapena ya ntchito zamanja.

Mwafunsanso kumapeto kwa kalata yanu ngati satifiketi yanu idakali ndi mphamvu pamene sukulu kulibe. Ili ndi mphamvu zonse, chifukwa amene anaipereka ndi bungwe la mayeso la MANEB, osati sukulu. Ngati inatayika, lemberani ku ofesi yawo ku Zomba, mutchule chaka chimene munalemba, dzina la malo olembera ndi nambala yanu ya mayeso ngati mukuikumbukira, ndipo akhoza kukupatsani chikalata chotsimikizira zotsatira zanu mutalipira ndalama imene iwo angakuuzeni. Popeza muli kunja, mungatume m'bale wanu ndi kalata yomuloleza pamodzi ndi chithunzi cha chiphaso chanu.